Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamaphunziro: kiyi wa chipinda cha makompyuta afikenso kwa mphunzitsi wa mbiri yakale

Olemekezeka akuluakulu oyang'anira maphunziro, okonza masilabasi, olemba mayeso, alangizi a sukulu ndi aphunzitsi aakulu,

Ndikupereka moni kwa nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pa ntchito yolemera imene mwasenza. Ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Dzina la sukulu yathu sinditchula, chifukwa aphunzitsi anzanga a m'sukulu zina akamandiuza zawo, zimakhala ngati akunena za kwathu. Ndalemba poyera dala, kuti makolo ndi ophunzira amve nawo. Amati akuluakulu ndi mdambo mozimira moto, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Makompyuta munagula, matabuleti anafika, pulojekita ilipo. Tsiku limene katunduyo ankatsitsidwa, ine ndinanyamula nawo makatoni. Patapita masabata angapo ndandanda wa kagwiritsidwe ntchito ka chipindacho unakhomedwa pachitseko, ndipo ndinauwerenga kawiri kuchokera pamwamba mpaka pansi. Masamu analipo, sayansi inalipo, phunziro la kompyuta linatenga malo ambiri. Mbiri yakale munalibe. Nditafunsa, ndinayankhidwa mosekerera kuti: "Aphunzitsi, zakalenso zifuna kompyuta? Si mumangofotokoza basi?"

Dandaulo langa loyamba lagona pa funso limenelo. Amene anandiyankha sanali woipa mtima. Ananena zimene iye anaona ali mwana wasukulu, zomwenso ana athu akuona lero: mphunzitsi alowe ndi choko ndi buku limodzi, adzaze bolodi, ana akopere m'makope, aloweze zifukwa zisanu ndi zotsatira zisanu za nkhondo yakutiyakuti, tsiku la mayeso akazilavule papepala. Mwana amatuluka sukulu akuganiza kuti mbiri ndi mndandanda wa zaka ndi mayina a anthu akufa. Chikhalirecho ntchito yeniyeni ya wophunzira mbiri imayamba ndi funso lakuti "tadziwa bwanji?" Anzathu a sayansi ali ndi labotale momwe mwana amayesa yekha zimene wauzidwa. Labotale yathu ndi makalata akale, mapangano, zithunzi, mapu, manyuzipepala ndi mawu a anthu amene anaona ndi maso. Kale zinthu zimenezi zinkakhala m'nyumba zosungira zolemba zakale, zina kutsidya la nyanja, kumene mwana wasukulu sakanafikako. Lero zambiri zili pa intaneti, zaulere. Mutatichotsa pa ndandanda uja, munatitsekera labotale.

Ndiloleni ndikuuzeni zimene zinachitika tsiku lina nditabwera ndi laputopu yanga m'kalasi. Tinali pa mutu wa malonda a akapolo odutsa nyanja ya Atlantic. Pali nkhokwe ina pa intaneti yotchedwa SlaveVoyages, imene akatswiri anasonkhanitsamo maulendo a zombo oposa 36,000. Pa maulendo ambiri mumapeza dzina la chombo, dzina la woyendetsa, doko limene chinanyamukira, kumene chinakocheza, anthu amene anakwezedwa ndi amene anatsika amoyo. Ndinafunsa ana kuti ambiri mwa anthu ogwidwawo anapita kuti. Pafupifupi onse anati ku United States, chifukwa ndi zimene amaona m'mafilimu. Ndinawapatsa laputopu, ana asanu ndi mmodzi nthawi imodzi, ena akusuzumira pamapewa a anzawo. Anapeza okha kuti ku Brazil kunatsika anthu oposa 4 miliyoni, pamene amene anatsikira mwachindunji kumtunda wa North America sanafike 400,000. Kenako mtsikana wina, amene chaka chonse sanakwezepo mkono, anaona manambala awiri. Okwezedwa m'zombo anali pafupifupi 12.5 miliyoni, otsika anali pafupifupi 10.7 miliyoni. Anachotsera yekha pakope, n'kufunsa kuti: "Nanga enawa ali kuti?" M'kalasi munati zii. Ndakhala ndikulemba pabolodi mawu akuti "ambiri ankafera panjira" kwa zaka zambiri, koma palibe mwana amene anayamba waimapo kaye. Tsiku limenelo anawerengera okha anthu amene anatsala m'nyanja, belu linalira, ndipo palibe anadzuka.

Pankhokwe yomweyo pali mayina oposa 90,000 a anthu a mu Africa amene analanditsidwa m'zombo zogwidwa, olembedwa monga mmene alembi a nthawiyo anawamvera. Mwana akawerenga dzina, msinkhu ndi kutalika kwa mnzake wa zaka zake, mawu akuti "akapolo" amasiya kukhala mutu wa mayeso.

Chitsanzo china n'chachifupi. Manotsi athu ambiri amati ku msonkhano wa ku Berlin, umene unayamba pa 15 November 1884 n'kutha pa 26 February 1885, azungu anayala mapu n'kudula malire a mayiko a mu Africa. Pangano limene mayiko 14 amene anali pamsonkhanowo anatuluka nalo lili ndi ndime 38, ndipo aliyense angathe kuliwerenga pa intaneti. Mwana akaliwerenga amapeza kuti likunena za malonda ndi kuyenda kwa zombo pa mitsinje ya Congo ndi Niger, komanso malamulo amene dziko la ku Ulaya liyenera kutsata likafuna kutenga dera la m'mbali mwa nyanja. Malire ambiri anadulidwa pambuyo pake, m'mapangano a mayiko awiriawiri. Amapezanso kuti pa osayina onsewo palibe mfumu kapena nthumwi ya anthu a mu Africa. Mwana amene wagwira mphunzitsi wake akufupikitsa nkhani mopitirira muyeso waphunzira zambiri kuposa amene waloweza manotsi olondola, ndipo ine sindichita manyazi kugwidwa motero.

Ndiye pali mawu. Pa 20 April 1964 Nelson Mandela anaima m'khoti ku Pretoria pa mlandu wa Rivonia, n'kulankhula pafupifupi maola atatu. Mlanduwo unajambulidwa pa timalamba ta pulasitiki totchedwa Dictabelt tokwana 591, ndipo bungwe la INA la ku France, losunga mawu ndi makanema ojambulidwa, linathandiza kusamutsira mawuwo pa makina amakono. Ndime yomaliza ya mawu ake ili m'mabuku ambiri. Koma kumumva yekha akulankhula pang'onopang'ono, akudziwa kuti woweruza angathe kumulamula kuti anyongedwe, n'kwina. Pa zimenezi sipafunika chipinda chonse cha makompyuta. Pafunika sipika imodzi yomveka mpaka kubenchi lakumbuyo.

Dandaulo lachiwiri ndi la maphunziro amene munatikonzera ife aphunzitsi. Ndinakhala nawo pa maphunziro a masiku awiri. Tinaphunzitsidwa kuyatsa pulojekita, kusunga fayilo ndi kuika manotsi pa zithunzi zosinthasintha. Aphunzitsi a maphunziro onse tinali m'chipinda chimodzi, wa masamu pambali pa wa zilankhulo, ndipo palibe amene anatchula mawu akuti umboni ngakhale kamodzi. Zotsatira zake ndaziona: manotsi omwe aja achoka pabolodi apita pakhoma, ana akukoperabe, kungoti tsopano makatani atsekedwa ndipo akumbuyo akuodzera. Vutoli si lathu lokha. Lipoti la UNESCO la 2023 lonena za zipangizo zamakono m'maphunziro linatchula dziko la Peru, kumene malaputopu oposa 1 miliyoni anagawidwa popanda kulumikizidwa ndi kaphunzitsidwe, ndipo kakhozedwe ka ana sikanasinthe. Ndalama zogulira makina zimapezeka msanga chifukwa makina amaoneka pa chithunzi cha tsiku loperekera. Nthawi yoti mphunzitsi akhale pansi ndi mnzake, asankhe zikalata zitatu zogwirizana ndi mutu wa sabata yamawa n'kukonza mafunso, siioneka pa chithunzi chilichonse, choncho siilowa mu bajeti.

Chachitatu ndichinena mwachidule, poti mukuchidziwa. Magetsi amazima, netiweki imathawa, ndalama za intaneti zimatha pakati pa temu. Pamene zilipo, zosefera zimene munaika zimatseka masamba chifukwa muli mawu akuti "nkhondo" kapena "kupha", ngati kuti mbiri ingaphunzitsidwe popanda mawu amenewa. Njira yozembera zonsezi ilipo kale. Pulogalamu ya Kiwix, imene inayamba mu 2007, imalola kusunga Wikipedia yonse pa kompyuta imodzi n'kuiwerenga popanda intaneti. Mabuku asanu ndi atatu oyambirira a General History of Africa, ntchito imene UNESCO inayamba mu 1964 kuti mbiri ya Africa ilembedwe makamaka ndi akatswiri a mu Africa, angathe kutsitsidwa kwaulere kamodzi kokha n'kugawidwa. Mapu akale, zithunzi, ndi zojambula zoonetsa mbali zonse za malo akale ngati Great Zimbabwe, Kilwa ku Tanzania ndi Lalibela ku Ethiopia, zimene gulu la Zamani la ku University of Cape Town linayeza ndi makina, zikhoza kuonedwa ndi mwana amene sadzapondako phazi. Chikusowa ndi munthu wa muofesi mwanu woti asankhe, apemphe chilolezo pamene pakufunika, aziike pamodzi motsata silabasi.

Dandaulo lachinayi ndi limene limandisowetsa tulo. Ana athu ali kale pa intaneti, kaya mwawalola kaya ayi. Madzulo amakumana ndi "mbiri" yambiri pa foni kuposa imene ine ndimawapatsa sabata yonse: kanema wa masekondi makumi atatu wonena kuti mtundu wakutiwakuti ndi wobwera, chithunzi cha nkhondo ina choikidwa dzina la nkhondo ina, mawu anzeru oikidwa m'kamwa mwa mtsogoleri amene sanawanenepo. Mu 2016 ofufuza a ku Stanford University anasanthula mayankho 7,804 a ophunzira, ndipo anapeza kuti mwa ana a msinkhu wapakati, oposa 80 pa 100 alionse anatenga nkhani yotsatsa malonda ngati nkhani yeniyeni, ngakhale panali chizindikiro chonena kuti ndi yolipiridwa. Amenewo anali ana a dziko limene makompyuta ndi ambiri. Kudziwa kutokosa foni sikupatsa munthu nzeru yosiyanitsa zoona ndi zonama.

Chiyambireni pamene ChatGPT, pulogalamu ya AI imene imayankha mafunso ndi kulemba nkhani ngati munthu, inatulutsidwa mu November 2022, nkhaniyi yakula. Mnyamata wina anandipatsa nkhani yolembedwa bwino kwambiri, m'kati mwake muli mawu amene anati ananena mtsogoleri wina wakale, chaka ndi malo zonse zilipo. Ndinawafufuza masiku awiri osawapeza. Nditamuitana, anavomera kuti anafunsa makina a AI. Chimene chinandiwawa si kubera ayi, ana akhala akubera kuyambira kale. Iye sanaganizeko n'komwe kuti makina angapeke. Sindinamulange. Tinakhala pansi tonse awiri kusakasaka mawuwo, ndipo ataona kuti kulibe kumene akuchokera, nkhope yake inasintha ngati ya munthu amene wanamizidwa ndi mnzake wapamtima.

Akuluakulu, matenda amenewa mankhwala ake ali m'phunziro limene mwalisiya kunja. Ndani analemba? Analemba liti? Ankafuna chiyani? Ndani wina amene akuvomereza? Ndani amene mawu ake sakumveka? Mafunso amenewa ndiwo zida zathu za tsiku ndi tsiku. Kukonza zithunzi mwachinyengo sikunayambe ndi kompyuta. Pali chithunzi chodziwika cha Joseph Stalin, mtsogoleri wa dziko la Soviet Union, akuyenda m'mbali mwa ngalande ya ku Moscow pamodzi ndi Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi ake achinsinsi. Yezhov ataphedwa mu 1940, chithunzicho chinatulukanso iye palibe, pamalo pake pali madzi okhaokha. Ikani zithunzi ziwirizo pakhoma, ana afufuze chasintha n'chiyani ndipo chifukwa chiyani. Mwana amene wachita zimenezo sadzalandiranso chithunzi cha pa WhatsApp ndi manja awiri. Safunsa anadya phula, ndipo ife tikutulutsa ana amene sanaphunzitsidwe kufunsa.

Chachisanu ndi lamulo la mafoni. Ndikumvetsa chifukwa chake munawaletsa, ndipo m'maphunziro ambiri ndikugwirizana nanu. Foni m'thumba la mwana ndi msika wosatseka. Koma lamulolo lagwera ngakhale ntchito imene foni imaigwira bwino koposa, yojambula mawu. Wophunzira aliyense ali ndi agogo, kapena mnansi wachikulire, amene anaona zinthu zimene mabuku athu amazitchula m'mzere umodzi kapena samazitchula n'komwe. Pakati pa 1936 ndi 1938, boma la United States linatuma alembi kukacheza ndi okalamba amene anabadwira muukapolo, ndipo anasonkhanitsa nkhani zoposa 2,300 zimene lero zikusungidwa ku Library of Congress. Akanachedwa zaka khumi, ambiri mwa okalambawo akanapita nazo kumanda. Nkhanizo zili ndi zofooka zake, chifukwa ofunsa ambiri anali azungu ndipo okalamba ena ankasankha mawu poyankha. Chimenechonso ndi phunziro: mwana amene wajambula agogo ake adzazindikira yekha kuti munthu amakumbukira zina, amaiwala zina, ndipo zina amabisa dala.

Zosungidwa nazonso zimapsa. Pa 2 September 2018 moto unawononga nyumba yaikulu yosungira zakale ya dziko la Brazil ku Rio de Janeiro, ndipo mwa zimene zinatayika munali mawu ojambulidwa a zilankhulo za eni nthaka. Mu April 2021 moto unagwira laibulale ya Jagger ku University of Cape Town, mmene munali chuma chambiri cha maphunziro a za Africa. Ngati nyumba zazikulu chotero zimapsa, kuli bwanji katoni ya makalata ndi zithunzi imene ili pansi pa bedi la munthu? Ana athu akhoza kuzijambula, n'kubwezera eni ake tsiku lomwelo.

Chomaliza ndi mayeso, ndipo pano ndikulankhula ndi inu olemba mafunso. Mphunzitsi amaphunzitsa zimene mudzafunse. Malinga ngati mafunso akhalabe akuti "tchulani" ndi "perekani zifukwa zinayi", mnzanga amene amalembetsa manotsi adzakhozetsa ana ambiri kuposa ine amene ndatha maola awiri pa pangano la ku Berlin, ndipo mphunzitsi wamkulu adzakhala ndi chifukwa chomveka chondiitanira muofesi. Sindikudandaula za zaka ndi mayina, n'zofunika. Munthu sangaweruze umboni ngati sadziwa chinayamba n'chiti. Koma pepala lonse lisathere pamenepo.

Choncho, modzichepetsa koma mosabisa mawu, ndikupempha izi:

1. Phunziro la mbiri yakale lilowe pa ndandanda wa chipinda cha makompyuta, kalasi iliyonse ipeze nthawi yosachepera kamodzi pa masabata awiri, ndipo lamuloli lichokere kwa inu molembedwa, lisadalire kukoma mtima kwa wosunga kiyi.

2. Mukonze nkhokwe ya zikalata, mapu, zithunzi ndi mawu ojambulidwa yogwirizana ndi mitu ya silabasi, yotha kugwira ntchito popanda intaneti. Chilichonse chikhale ndi mawu osonyeza kumene chachokera ndi chaka chake. Aphunzitsi amene ali m'kalasi akhale nawo posankha.

3. Maphunziro a aphunzitsi a mbiri achitike paokha, otsogoleredwa ndi anthu odziwa mbiri pamodzi ndi osunga zolemba zakale, ndipo azibwerezedwa. Pa bajeti iliyonse yogulira makina, gawo la kuphunzitsa aphunzitsi ndi kukonza zowonongeka lilembedwe poyera tsiku lomwelo.

4. Kumene makompyuta sangakwane, musadikire. Sipika imodzi, pulojekita imodzi ndi batire la dzuwa zikhoza kutumikira sukulu yonse, ndipo zikalata zingathe kusindikizidwa papepala ana n'kumagawana.

5. Lamulo la mafoni likhale ndi khomo la ntchito yojambula nkhani za okalamba, pansi pa uyang'aniro wa mphunzitsi. Mutipatse kalata yopemphera chilolezo kwa wofunsidwa, yonena momveka kuti mawu ake adzasungidwa kuti ndipo adzamvedwa ndi yani, komanso malo otetezeka osungirako. Nkhani ya agogo a munthu isapezeke ikuyendayenda pa intaneti iwo asakudziwa.

6. Kufufuza gwero la nkhani, chithunzi ndi mayankho a makina a AI kulembedwe mu silabasi ya mbiri ngati luso loyesedwa. Zosefera za intaneti ziunikidwenso, ndipo mphunzitsi akhale ndi njira yachangu yopempha kuti tsamba lofunika litsegulidwe.

7. Pa mayeso pakhale gawo limene mwana apatsidwe zikalata ziwiri zosagwirizana, kapena chithunzi ndi mapu, n'kufunsidwa kuti akukhulupirira chiti ndipo chifukwa chiyani. Mutidziwitse zaka ziwiri zisanafike kuti tikonzekere.

Pempho loyamba silifuna ndalama iliyonse, likufuna cholembera chanu chokha. Ngati mukukayika za enawo, tumizani mlangizi mmodzi adzakhale pabenchi lakumbuyo tsiku limene tidzaphunzire za malonda a akapolo temu ikubwerayi. Laputopu yanga ndidzabwera nayo monga mwa masiku onse, ngakhale batire lake tsopano silifika kumapeto kwa phunziro.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa mbiri yakale